PAKHOMO NDI PASUKULU: Ndandanda ya maelementi iyambire pamafuwa

Sabata ino tikambirane za pepala lina limene ana athu a ku sekondale amabwera nalo kunyumba. Ndi pepala la timabokosi tambirimbiri, ndipo m'kabokosi kali konse muli cilembo cimodzi kapena ziwiri, ndi nambala pamwamba pace. Pa Cingerezi alicha Periodic Table. Ife pano tizilicha ndandanda ya maelementi. Makolo ambiri akaliona amangopukusa mutu nati, "Izi n'za aphunzitsi," ndipo mwana amatsala yekha pa koloboi, kuloweza timabokosito monga munthu woloweza maina a anthu a mudzi umene sanapondemo. Mwana wotere amalowa mayeso mutu uli wodzala zilembo, koma funso likangotembenuzidwa pang'ono amasowa pogwira. Caka cotsatira mudzamva kuti sayansi waida, ati njobvuta. Poida sayansiyo wadzitsekera yekha khomo la unamwino, la udokotala, la ulangizi wa zaulimi ndi la nchito zambiri za m'migodi.

Makolo anzanga, pepala limeneli si la aphunzitsi okha. Zambiri zolembedwa m'timabokosito ziri pakhomo panu. Zina mumalimira, zina mumathira m'ndiwo, zina mumasenza pamutu pocokera ku depoti. Mai amene sanapondepo m'kalasi adziwa kale khalidwe la maelementi angapo, kungoti palibe anamuuza maina ace. Mwana akayamba kuwadziwira pamafuwa ndi kumunda, tsiku limene aphunzitsi adzapacika ndandandayo pakhoma adzapezamo nkhope zodziwika.

Nanga elementi n'ciani? Tengani shuga pang'ono, mumuike pa ciwaya pamoto mwana ali kuona. Shugayo adzasungunuka, adzafiira, adzatulutsa nthunzi, ndipo potsiriza padzatsala khala lakuda. Ndiye kuti shuga si cinthu cimodzi: muli khala, mulinso zinthu zopanga madzi. Madzi naonso, akatswiri akapititsamo magetsi, amagawika kukhala mipweya iwiri, haidirojeni ndi okosijeni. Koma cinthu cakuda cija, cimene dzina lace ndi kaboni, mungacisinje, mungacipere, simudzatulutsamo kanthu kena. Mukacitentha sicifa ai. Cimangogwirana ndi okosijeni wa mumpweya ndi kuuluka naye. Cinthu cotere, cosagawika kukhala zinthu zina, ndico elementi. Citsulo ca khasu ndi elementi. Dzimbiri limene limadya khasu losiyidwa pamvula si elementi, pakuti ndi citsulo cogwirana ndi okosijeni.

Maelementi odziwika lero alipo 118. Pafupi-fupi 90 a iwo amapezeka m'nthaka, m'madzi ndi mumpweya. Otsalawo ambiri amapangidwa ndi akatswiri m'makina akulu-akulu, ndipo ena sakhalitsa ngakhale mphindi imodzi. Anai otsiriza anapatsidwa maina ao mu 2016. Monga zilembo zowerengeka zimapanga mau onse a m'nyuzipepala ino, momwemonso maelementi owerengekawa amapanga mwala, mtengo, nsima, ng'ombe ndi mbusa wace. Pa makilogalamu 100 ali onse a thupi la munthu, pafupi-fupi 96 ndi maelementi anai okha: okosijeni, kaboni, haidirojeni ndi naitirojeni. Citsulo ca m'thupi la munthu wamkulu cingokwana magalamu 4, kamsomali kamodzi cabe, koma cikaperewera ndiye muja a ku cipatala amati magazi acepa.

Kalasi loyamba la mwana wa mlimi liri pa thumba la fataleza. Tonse tidziwa D Compound wothira pobzala ndi urea wothira cimanga cikafika m'maondo. Uzani mwana awerenge zolembedwa pathumbapo. Pa D Compound adzapeza manambala 10-20-10 ndi zilembo N, P ndi K. Zilembozo n'zomwe zija za m'timabokosi: N ndi naitirojeni, P ndi fosiforasi, K ndi potaziyamu, ndipo manambalawo aonetsa kuculuka kwa cakudya ciri conse ca zitatuzi. M'thumba la makilogalamu 50 la D Compound muli makilogalamu 5 a naitirojeni. M'thumba lofanana nalo la urea, pamene palembedwa 46, muli makilogalamu 23. Mwana wodziwa zimenezi sangalole atate ace kuti asinthanitse matumba awiriwa ati fataleza ndi fataleza. Kumunda adzaona yekha kuti cimanga cosowa naitirojeni cimacita cikasu kuyambira masamba a munsi, cosowa fosiforasi masamba ace amafiirira modera cikali cacing'ono, ndipo cosowa potaziyamu masamba amapserera m'mphepete. Codabwitsa n'cakuti magawo 78 mwa magawo 100 a mpweya wozungulira cimangaco ndi naitirojeni yemweyo. Cimanga ciri kufa ndi njala citatsamira nkhokwe yotseka. Nshawa, nyemba ndi soya ndizo ziri ndi mfungulo, cifukwa m'timapundu ta pa mizu yao mumakhala tizirombo tosaoneka ndi maso timene timakoka naitirojeni mumpweya. Zulani phata limodzi la nshawa mumuonetse mwana timapunduto, ndipo adzamvetsa cifukwa cace alangizi amati tizisinthanitsa mbeu m'munda.

Mwana wocenjera adzafunsa kuti, "Bwanji dzina la potaziyamu liyamba ndi P koma cilembo cace ndi K?" Musamuthamangitse, funsolo ndi labwino. K acokera ku dzina lina la elementi yomweyo, kalium, locokera ku liu la Ciarabu lonena phulusa la zomera. Tsono apa mpamene amai ayenera kukhala mphunzitsi. Potentha zitsononkho za cimanga kapena makoko a nyemba, ndi kucheza cidulo cophikira therere, cimene amai ali kusungunula m'phulusamo ndi mcere wa potaziyamu. Tsiku limene cidulo palibe amatuma mwana kukagula soda ku kantini, ndipo therere limafewa cimodzimodzi. Kodi munadzifunsapo cifukwa cace phulusa la pamoto ndi ufa woyera wa m'sitolo zimagwira nchito imodzi? Mwana atsegule ndandanda yace, ayang'ane mzere woyamba wotsika kumanzere. Adzapeza Na, ndiye sodiyamu wa mu soda, ndipo pansi pace penipeni adzapeza K. Awiriwa ndi pacibale. Mu 1807, ku London, katswiri wina dzina lace Humphry Davy anawalekanitsa ndi anzao pogwiritsa nchito magetsi, napeza kuti onse awiri ndi zitsulo zopepuka, zofewa zoti mpeni udula, ndiponso zaukali kotero kuti zikagwera m'madzi zimathamanga-thamanga pamwamba ziri kutulutsa mpweya woyaka. N'cifukwa cace m'masukulu amazisunga zomizidwa m'mafuta. Agogo athu sanamuone potaziyamu ndi maso, koma atangofika soda m'masitolo anazindikira msanga kuti ndi mbale wace wa cidulo.

Cibale cimeneci ndico mutu wa ndandanda yonse. Iri ndi mizere 7 yopingasa ndi mizere 18 yotsika. Poyenda copingasa, nambala imakwera ndi imodzi pa kabokosi kali konse. Poyenda cotsika, mumakumana ndi a banja limodzi. Mlendo akafika pamudzi akulu amayamba afunsa mfunda wace. Akamva kuti ndi Phiri, kapena Banda, kapena Tembo, adziwa kale pomukhazika ndi momuchulira asanamve nkhani imene wadzera. Momwemonso wophunzira akadziwa mzere umene elementi ikhalamo, wadziwa kale zambiri za khalidwe lace.

Nambala ija ya pamwamba siinaperekedwe mwacisawawa. Elementi iri yonse inapangika ndi tinthu tocepetsetsa tochedwa maatomu, ndipo pakati pa atomu pali tinthu tinanso tochedwa mapulotoni. Nambalayo ndi ciwerengero ca mapulotoniwo. Haidirojeni ali ndi 1, kaboni 6, citsulo 26, mkuwa 29, golide 79, mtobvu 82. Iri ngati nambala ya pa citupa: palibe maelementi awiri ogawana nambala imodzi. Kuzungulira mapulotoni kuli maelekitironi, okhala m'magulu okutana monga makoko a anyezi, ndipo khalidwe la elementi limadalira khoko la kunja. Maelementi ambiri amakhazikika khoko limenelo likakhala ndi maelekitironi 8. Sodiyamu ndi potaziyamu ali ndi imodzi yokha kunjako, ndipo amafuna kuitaya. Ukali wao uja ngwa zimenezi. Kolorini, amene akhala ca kumanja kwa ndandanda, ali ndi 7, ndipo afuna imodzi. Akakumana sodiyamu ndi kolorini, wina apereka, wina alandira, onse akhazikika. Citsulo coyaka m'madzi ndi mpweya wakupha zabala mcere wa m'ndiwo zathu. Ku mapeto kwenikweni kumanja kuli banja la hiliyamu, niyoni ndi agoni, limene khoko lao ndi lodzala kale. Amenewa sapempha, sapatsa, sagwirana ndi anzao cisawawa, ndipo cifukwa ca kufatsa kumeneko anabisika nthawi yaitali. Agoni anadziwika mu 1894, ngakhale kuti ali pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mpweya umene tipuma.

Mwana wa m'Zambia asaleke kufunafuna nambala 29, pamene palembedwa Cu. Umenewo ndi mkuwa, cuma ca dziko lathu. Pansi pace pali siliva, ndipo pansi pa siliva pali golide. Atatuwa sacita dzimbiri msanga, amasulika mosabvuta, ndipo amapititsa magetsi koposa zitsulo zina zonse. Ndico cifukwa cace maiko akutali amafuna mkuwa wathu kuti apange waya. Ku Ing'ombe Ilede, kufupi ndi Zambezi, kumene mu 1960 anthu okumba anapeza manda akale, munali mipiringidzo ya mkuwa yopingasana pamodzi ndi mikanda ya golide. Amalonda akale aja anaika pamodzi zimene ndandanda inadzaika mu mzere umodzi.

Munthu amene anakonza ndandandayi anali mphunzitsi, ndipo anaikonza pofuna njira yophunzitsira. Dzina lace anali Dmitri Mendeleev, wobadwa mu 1834 ku Tobolsk m'dera lozizira la Siberia ku Russia. Atate ace anacita khungu, pambuyo pace namwalira. Amai ace anayendetsa fakitale ya magalasi kuti alere ana, koma fakitaleyo inapsa. Mai uja sanataye mtima. Anatenga mwana wace wotsirizayo nayenda naye ulendo wa makilomita oposa 2,000 kukamufunira sukulu. Ku Moscow anakanidwa. Ku St Petersburg anamulandira mu 1850, ndipo caka comweco maiyo anamwalira. Inu amai amene mumagulitsa nkhuku kuti mwana apeze nsapato za kusukulu, nkhani imeneyi ndi yanu.

Atakhala mphunzitsi wa pa yunivesite, Mendeleev anayamba kulembera ophunzira ace buku. Maelementi odziwika nthawi imeneyo anali 63, ndipo bvuto lace linali lomwe lija la mwana wa pa koloboi: kodi zinthu zambiri cotere n'kuziphunzitsa motani popanda kungoloweza? Anawandandalika kuyambira wopepuka kunka kwa wolemera, naona kuti makhalidwe amabwerera-bwerera. Pakapita angapo pamabwera wina wofanana ndi amene anapita kale. Mu 1869 anafalitsa ndandanda yace. Ena anali atayesapo kale zotere, koma iye anacita cinthu cimene anzace sanalimbe naco mtima. Pamene panalibe elementi yoyenera malo ena, sanakakamizepo ina ai. Anasiya mpata, nanena kuti mwini malowo alipo, kungoti sanapezeke. Mu 1871 analemba ngakhale kulemera ndi makhalidwe a atatu a osapezekawo, poyang'ana anansi ao a pamwamba, pansi ndi m'mbali.

Mu 1875 munthu wa ku France, Lecoq de Boisbaudran, anapeza citsulo catsopano nacicha galiyamu. Atacipima ananena kuti cilemera kuposa madzi ka 4.7. Mendeleev, amene anali asanacione n'komwe, analemba kalata kuti apimenso, pakuti ciyenera kukhala pafupi ndi 5.9. Mwini kupeza uja anayeretsa citsuloco napimanso, ndipo cinali 5.9. Galiyamu ameneyu amasungunuka kutentha kukangofika madigiri 30, kotero kuti m'dambo la Luangwa mwezi wa Okutobala angayenderere yekha pamthunzi. Wina wa atatu aja, sikandiyamu, anapezeka ku Sweden mu 1879, ndipo wacitatu, jemeniyamu, ku Germany mu 1886. Onse anakhala m'mipando imene anawasungira. Mendeleev anamwalira mu 1907, ndipo elementi nambala 101, yopangidwa mu 1955, inachedwa ndi dzina lace.

Nzeru imeneyi mungaiphunzitse mwana wa Giredi 4 madzulo ano. Tengani kalendala ya pakhoma, muphimbe tsiku limodzi ndi cala, mufunse mwana kuti pansi pa cala pali nambala yanji ndipo ndi tsiku lanji la sabata. Adzayang'ana kumanzere ndi kumanja napeza nambala. Adzayang'ana pamwamba ndi pansi nadziwa kuti ndi Lacitatu. Masiku amanka m'tsogolo, koma maina ao amabwerera pakapita 7, ndipo ma Sondo onse amagwa mu mzere umodzi. Zimene wacita mwanayo n'zomwe anacita Mendeleev. Kusiyana kwace n'kwakuti mizere ya maelementi siifanana kutalika: woyamba uli ndi 2, waciwiri ndi wacitatu 8, wacinai ndi wacisanu 18.

Panali malo owerengeka pamene kulemera kunasoceretsa. Kobalti, amene amakumbidwa pamodzi ndi mkuwa ku migodi yathu, amalemera pang'ono kuposa nikelo, komabe khalidwe lace limamuika patsogolo. Mnyamata wa ku England, Henry Moseley, ndiye anamasula mfundoyi mu 1913 poonetsa kuti coyenera kutsata ndi nambala, osati kulemera: kobalti ndi 27, nikelo 28. Patangopita zaka ziwiri anaphedwa pa nkhondo ku Gallipoli ali ndi zaka 27.

Wina anganene kuti zonsezi n'za mayeso cabe. Iai, zina n'za moyo. Mu mzere wa kolorini, amene timathira m'madzi akumwa poopa kolera, mulinso ayodini. Thupi limamufuna pang'ono zedi, koma akasowa khosi limatupa cithokomiro, ndipo mwana wobadwa kwa mai womusowa angakule ndi nzeru zoperewera. Ndico cifukwa cace lamulo la dziko lathu lifuna kuti mcere wogulitsa ukhale ndi ayodini, ndipo mwana wodziwa kuwerenga ayenera kuona liu limenelo pa paketi asanapereke ndalama. Kaboni wa m'makala akapsa pa mpweya wokwanira, atomu yace imodzi imagwira maatomu awiri a okosijeni, ndipo umatuluka mpweya wonga umene timatulutsa popuma. Koma mbaula ikayaka m'nyumba yotseka, okosijeni amacepa, ndipo kaboni amagwira atomu imodzi yokha. Mpweya wotulukapo ulibe pfungo, ulibe mtundu, koma umalowa m'magazi ndi kulanda malo a okosijeni. Banja limagona pothawa mphepo ya mu Juni, m'mawa osadzuka. Kusiyana kwace ndi atomu imodzi.

Phunziro lowawa koposa liri ku Kabwe. Miyala ya mtobvu ndi zinki inapezeka kumeneko mu 1902, ndipo mgodi unatsekedwa mu 1994. Zaka zonsezi zapita, koma mtobvu ukali m'pfumbi la m'makomboni oyandikana ndi mgodiwo, ndipo ana ambiri opimidwa kumeneko apezeka nao m'magazi. Cifukwa cace n'cija tanena poyamba: elementi siiola, siipsa n'kutha, siisanduka cinthu cina. Cinyalala ca cimanga cimaola cifukwa maelementi ace amamasukana. Mtobvu ulibe womasukana naye. Thupi limaulandira ngati kashiamu, elementi yomanga mafupa, ndi kuusunga m'mafupamo, ndipo umaononga ubongo wa mwana amene akali kukula. Musati izi n'za a ku Kabwe okha. Batire yaikulu ya galimoto kapena ya sola imene yatha mphamvu ndi yodzala mtobvu. Isasiyidwe kuseri kwa nkhokwe kuti ana aiswe, ndipo munthu asasungunule mtobvu wace pamafuwa ophikira.

Kwa aphunzitsi ndinene mwaulemu kuti kuimbitsa ana maina a maelementi 20 oyamba sikulakwa, koma kusakhale koyamba. Masukulu ambiri a kumidzi alibe cipinda ca sayansi, izi tidziwa. Komabe ndandanda siilira cipinda. Jambulani mizere pansi pabwalo ndi ndodo, ndipo ana abweretse zoika m'timabokosi. Msomali upite pa 26, kawaya ka mkuwa pa 29, khala pa 6, cidutswa ca poto wakutha wa aluminiyamu pa 13, cigoba ca dzira pa 20 poimira kashiamu, kabenthu ka lata pa 30 cifukwa ca zinki wokutira malata. Mcere udzawabvuta, pakuti uli ndi kwao kuwiri, pa 11 ndi pa 17, ndipo mkangano umene udzabuka pamenepo uposa ola lathunthu la kulemba pa bolodi. Mabokosi opanda kanthu asiyidwe comweco. Atsikana asakhale osesa bwalo cabe pamene anyamata ali kuika zinthu. Maelementi awiri, poloniyamu ndi rediyamu, anapezedwa mu 1898 ndi mai Marie Curie pamodzi ndi amuna ao. Ku nyumba zinthu zoyesera zikhale za m'khichini zokha. Mankhwala a thonje, a dibi ndi ophera makoswe si zoseweretsa, ngakhale mwana atanena kuti ndi sayansi.

Nali funso la ana sabata ino. Pansi pa potaziyamu pali elementi nambala 37, dzina lace rubidiyamu, imene ambiri a ife sitidzaiona moyo wathu wonse. Mwana ayankhe asanatsegule buku: kodi ndi citsulo kapena mpweya? Ndi yolimba kapena yofewa? Angaisunge m'madzi? Nanga ikakumana ndi kolorini padzabadwa cinthu conga ciani? Mayankho tidzapereka sabata ya mawa, pamene tidzakambanso za laimu ndi nthaka yowawasa.